Kusankha ndi kukonza chainsaw yodulira nkhuni zowotha m'nyengo ya chisanu

Juni akafika muno mu Blantyre, chiperoni chimabwera ndi mawawa ake, nkhungu n'kuphimba Soche ndi Ndirande. Apo ndi pomwe eni nyumba zokhala ndi chumuni ku Namiwawa, Sunnyside, Chigumula mpaka kulowera ku Bvumbwe amayamba kufunsa za nkhuni. Koma nkhuni zowotha mu Juni zimadulidwa chaka chinacho, dzuwa la Seputembala ndi Okutobala lili phwee, kuti ziume bwino. Choncho chainsaw igulidwe chisanu chikangotha, osati chikayamba.

Musanatulutse ndalama, dziwani kaye mitengo yomwe mudzadule. Makinawa ndi a bulugamu, malaina, kesha, paini kapena mango wokalamba wa pamalo panu, kapena zipika zomwe mwagula kwa mwini munda wa mitengo. Nkhalango zotetezedwa monga Michiru ndi Soche, lamulo la zankhalango la 1997 sililola kudulamo mtengo popanda chilolezo cha Dipatimenti ya Zankhalango. Amene anaona matope akutsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kufunika kwa mitengo ya m'phiri. Mtengo uliwonse womwe mwagwetsa pamalo panu, bzalani ina m'malo mwake. Ubwino wa bulugamu ndi kesha ndi woti chitsa chake chimaphukanso mukadula bwino.

Makina a msinkhu wanji

Ambiri amathamangira makina aakulu, aja a anthu ocheka matabwa ku Chikangawa, monga Stihl MS 382 ya 72cc (cc ndi muyezo wa kukula kwa injini). Makina amenewo amalemera makilogalamu oposa 6 musanaikeko bar (chitsulo chophwatalala chija tcheni chimayendapo), tcheni ndi mafuta. Amamwa petulo wambiri, ndipo pakatha ola limodzi mikono imakhala italema. Munthu wotopa ndiye amadzicheka. Pa nkhuni za pakhomo simukufunika zonsezo.

Tengani tepi muyeze kunenepa kwa zipika zomwe mumadula kawirikawiri. Ngati sizipitirira masentimita 25 kapena 30 kuchoka mbali ina kufika ina, injini ya 30cc mpaka 40cc yokhala ndi bar ya masentimita 35 kapena 40 ikukwanirani. Stihl MS 180, ya pafupifupi 32cc, ili m'gulu limeneli, ndipo imalemera makilogalamu 4 okha. Ngati nkhuni zanu zambiri ndi bulugamu wokhwima, yemwe akauma amalimba ngati mwala, kwerani pang'ono mufike pa 45cc mpaka 50cc ndi bar ya masentimita 40 kapena 45. Apa pali Stihl MS 250 ndi Husqvarna 445. Kwa ife msinkhu umenewu ndiwo woyenera makomo ambiri a muno, chifukwa bulugamu ndiye nkhuni yathu yaikulu.

 Musakopeke ndi bar yaitali. Bar yaitali pa injini yaing'ono imalemetsa injini, tcheni chimayenda mwaulesi, oyilo safika bwino kunsonga, ndipo nsongayo imagunda zinthu zomwe simukuziona. Chipika chonenepa kuposa bar chimadulika pocheka mbali ziwiri.

Ziliponso zamagetsi. Ya chingwe, ya mawati 1,800 kapena 2,000, ndi yabwino podula zipika zomwe zafika kale pakhomo, siisokosera anansi, ndipo siifuna kusakaniza mafuta. Vuto lake mukulidziwa: magetsi akathima, ntchito yaima. Ya batire ndi yopepuka, koma pa bulugamu wouma batire imatha msanga, ndipo batire yachiwiri si yotsika mtengo.

Funsani za zipangizo musanalipire

Chainsaw ndi makina odya zipangizo. Tcheni chimatha, bar imadyeka, sprocket, kagudumu ka mano kaja kamakoka tcheni, kamatha mukasintha matcheni awiri kapena atatu. Muli m'sitolo momwemo, kaya ku Limbe kapena ku Ginnery Corner, muuzeni wogulitsa akuonetseni tcheni china cha makina omwewo, pulagi, sefa ya mpweya, chingwe cholizira ndi sprocket. Akayamba kunena kuti zibwera mwezi wamawa, pitani kwina. Makina otsika mtengo opanda zipangizo amagwira ntchito chaka chimodzi, kenako amangokhala pakona.

Samalaninso ndi makina achinyengo, opakidwa utoto ndi dzina la kampani yodziwika. Mtengo ukatsika kwambiri poyerekeza ndi wa kwa ogulitsa ovomerezeka, kayikirani. Enieni amakhala ndi nambala yodindidwa pathupi la injini, buku lake, ndi chikalata cha chitsimikizo.

Ngati mukugula ogwiritsidwa kale ntchito, yesani motere. Nyamulani makinawo pogwira chogwirira cha chingwe cholizira chokha. Injini yamoyo imatsika pang'onopang'ono, modukizadukiza. Ikangotsetsereka mpaka chingwe chonse kutha, mphamvu ya mkati inatha. Kenako masulani ekizozi musuzumire pisitoni ndi tochi. Ikhale yosalala. Mukaona mizere yokandika kuchokera pamwamba kutsika pansi, injiniyo inayendapo ndi petulo wopanda oyilo kapena inatentha kwambiri, ndipo kuikonza kungadye ndalama zoyandikira mtengo wa makina ena.

Atsopano kapena akale, akhale ndi zinthu zinayi izi: buleki ya tcheni, yomwe ndi chotchinga chija chili kutsogolo kwa dzanja lamanzere, kachitsulo ka pansi kogwira tcheni chikaduka kapena chikavuka, loko wa throttle (kabatani kofinya ndi chala kokwezera moto wa injini), woti makina asakwere moto musanagwire bwino chogwirira chakumbuyo, ndi masipuling'i kapena malabala ochepetsa kunjenjemera.

Pa ndalama zomwe mwakonza, patulanipo za zovala. Tcheni chimathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi imodzi, ndipo bala lake silikhala locheka bwino ngati la mpeni, chimakumba mnofu. Mabala ambiri amakhala a m'miyendo ndi a dzanja lamanzere. Pezani buluku lapadera lokhala ndi ulusi wokola tcheni, jombo zachitsulo kutsogolo, magolovesi, magalasi kapena kaukonde ka kumaso, ndi zotseka m'makutu, poti phokoso lake limaposa madesibelo 100 ndipo limagonthetsa pang'onopang'ono. Ngati pali nthambi pamwamba panu, valaninso helimeti. Patapata ndi kabudula zisayandikire makinawa.

Manambala a pa bar

Kutsinde kwa bar kumadindidwa manambala atatu, ndipo tcheni chilichonse chomwe mudzagule chiyenera kugwirizana nawo onse. Yoyamba ndi kutalikirana kwa mfundo za tcheni, koyezedwa m'mainchi: pa makina ang'onoang'ono imakhala 3/8 yaing'ono, yomwe a Stihl amailemba kuti 3/8 P, pa apakati .325, pa aakulu 3/8 yeniyeni. Yachiwiri ndi kukula kwa ngalande ya bar: mamilimita 1.1, 1.3, 1.5 kapena 1.6. Yachitatu ndi chiwerengero cha timiyendo ta tcheni toyenda m'ngalandemo. Jambulani manambalawa pafoni asanafufutike. Tcheni chopyapyala m'ngalande yaikulu chimagwedera n'kumacheka mokhota, ndipo cha mfundo zosiyana ndi sprocket chimawononga zonse ziwiri tsiku limodzi.

Mano alinso mitundu iwiri. A ngodya yakuthwa amacheka mwachangu koma amabuntha akangokhudza dothi. A ngodya yozungulirako amachedwa pang'ono koma amapirira fumbi. Kuno, komwe chipika chikagona pansi milungu iwiri chiswe chimakhala chitachimata dothi, tengani a ngodya yozungulirako.

Kumanga bar ndi tcheni

Injini ikhale yozima, magolovesi m'manja. Kokerani chotchinga cha buleki kumbuyo, cha kwa inu, kuti buleki imasuke. Pa makina ena, mukachotsa chivundikiro buleki ili yomanga, chimakana kubwerera. Masulani manati a m'mbali ndi sipanala yobwera ndi makinawo, chotsani chivundikiro, ndipo bwezani sikuluu yokungira tcheni mpaka kumbuyo. Lowetsani bar pa mabawuti ake muikankhire cha ku injini.

Tsopano koletsani tcheni pa sprocket, kenako m'ngalande ya bar kuyambira pamwamba mpaka kuzungulira nsonga. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: mano a pamwamba pa bar aloze kutsogolo, mbali yakuthwa iyang'ane kunsonga. Tcheni chotembenuza chimazungulira bwinobwino, koma sichicheka, chimangotulutsa utsi. Onetsetsani kuti kamsomali ka sikuluu yokungira kalowa m'bowo lake pa bar, bwezerani chivundikiro, mangani manati ndi zala zokha.

Ndi dzanja limodzi tukulani nsonga ya bar, ndi linalo potokolani sikuluu mpaka tcheni cha pansi chikhudze bar osalendewera. Nsonga ili chitukulire, mangani manati ndi sipanala. Kokani tcheni ndi dzanja: chiyende mosavuta, ndipo mukachinyamula pakati pa bar timiyendo tisatulukiretu m'ngalande. Cholendewera chimavuka n'kukukwapulani. Chokunga kwambiri chimatenthetsa bar, kudya nsonga ndi kuwononga mabering'i. Tcheni chatsopano chimatamuka msanga, ndiye zimitsani makina mukacheka kasanu kapena kakhumi muonenso. Mukachikunga chili chotentha, chimasuleni pang'ono poweruka, chifukwa chikazizira chimafupika n'kukoka shafiti ya injini.

Petulo ndi oyilo

Apa ndi pomwe makina ambiri amafera. Injini ya chainsaw ndi ya two-stroke, ilibe mosungira oyilo ngati galimoto. Pisitoni imatetezedwa ndi oyilo yemwe mwasakaniza m'petulo. Mukathira petulo yekha, mphindi zochepa injini yagwira.

Stihl ndi Husqvarna amalamula muyezo wa 50:1 ndi oyilo wabwino wa two-stroke wa injini zozizira ndi mpweya. Ndiye kuti mamililita 20 pa lita imodzi, kapena mamililita 100 pa malita 5. Makina ambiri otsika mtengo amalemba 25:1, omwe ndi mamililita 40 pa lita. Tsatirani zolembedwa m'buku la makina anu. Yezani ndi jekeseni wopanda singano kapena kabotolo ka mizere, osati ndi maso. Oyilo akachepa, pisitoni imakandika. Akachuluka, utsi umachuluka, pulagi imada, ekizozi imatsekeka ndi mwaye. Oyilo wa galimoto ndi wa injini za maboti sayenera muno. Thirani oyilo m'chigubu choyera, onjezani theka la petulo, khutchumulani, kenako malizani petulo wotsalayo.

Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo akakhalitsa m'makina amaumitsa timapaipi ndi timalabala ta m'kabuleta. Choncho sakanizani wokwanira milungu iwiri kapena itatu, asapitirire mwezi. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu musamuthire m'makinawa, poti simudziwa zomwe zalowamo.

Thanki yachiwiri ndi ya oyilo wa tcheni. Oyilo ameneyu ndi wonanda, amakakamira pa tcheni chikamathamanga. Tikudziwa kuti ambiri amathiramo oyilo wakuda wokhetsedwa m'galimoto pofuna kupulumutsa ndalama. Musatero. Muli tizitsulo tomwe timadya pampu ndi bar, ndi woipa pakhungu, ndipo amamwazikira pa nkhuni zomwe mukawotche m'nyumba muli ana. Dzazani thankiyi nthawi iliyonse mukuthira petulo. Petulo akatha, oyilo azitsalako pang'ono. Mukapeza thanki ya oyilo ikadali yodzaza, kabowo ka oyilo pa bar katsekeka ndi utuchi, kapena pampu yafa.

Kuliza koyamba

Chokani mamita atatu kuchokera pomwe mwathirira mafuta. Ikani makina pansi posalala, tcheni chisakhudze kanthu. Kankhirani chotchinga kutsogolo kuti buleki imange. Phazi lamanja lilowe m'chogwirira chakumbuyo, dzanja lamanzere ligwire chakutsogolo. Ngati pali kabotolo kalabala kopopera petulo, kafinyeni kangapo mpaka kadzaze. Tsekani choke (kotsekera mpweya poliza injini yozizira), kokani chingwe pang'ono mpaka mumve kulimba, kenako kokani mwamphamvu koma osachimaliza chonse. Injini ikangotsokomola kamodzi, tsegulani choke nthawi yomweyo, mukokenso. Ikalira, finyani throttle kamodzi n'kuisiya kuti moto utsike, kenako masulani buleki. Kukweza moto buleki ili yomanga kumatenthetsa kilatchi mpaka kusungunula pulasitiki.

Mukapitiriza kukoka choke ili yotseka injini itatsokomola kale, petulo amasefukira mkati. Chotsani pulagi, ipukuteni iume, kokani chingwe kangapo pulagi ili kunja ndipo switchi ili yozimitsa, bwezerani, lizani choke ili yotsegula. Mpata wa pakamwa pa pulagi ndi mamilimita 0.5. Chizolowezi chija choliza makina ali m'malere, dzanja lina likuwaponya pansi lina likukoka chingwe, chavulaza anthu ambiri.

Injini ikatenthako, lozetsani nsonga pa chitsa choyera kapena katoni, osakhudza, mukweze moto pang'ono. Pakhale kamzere ka oyilo. Yesaninso buleki: tcheni chikuthamanga, kankhani chotchinga ndi msana wa dzanja lamanzere osasiya chogwirira. Tcheni chiime pomwepo. Pa matanki atatu oyamba musamakweze moto wonse makina asakucheka kanthu.

Pa kabuleta pali masikuluu olembedwa H, L ndi T kapena LA. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, mpweya ndi wopepukirako, choncho makina ena amafuna kuwongoledwa pang'ono. Yomwe mungagwire nokha ndi T: ngati tcheni chikuyenda musanafinye throttle, ibwezeni mpaka chiime. H isiyireni mekaniki wodziwa. Ikatsekedwa kwambiri makina amalira mokoma, mokwera, koma amakhala akuperewera mafuta ndi oyilo, ndipo pisitoni imapsa.

Podula

Ngozi yaikulu ili kunsonga ya bar, chigawo chake chapamwamba. Chikagunda chipika china kapena nthambi, makina amadumpha kubwerera cha kumaso mofulumira kuposa kuphethira. Gwirani ndi manja awiri nthawi zonse, chala chachikulu chamanzere chizungulire pansi pa chogwirira, mkono wamanzere ukhale wowongoka. Imani chakumanzere pang'ono, mutu usakhale pamzere umodzi ndi bar. Musacheke chinthu chopitirira mapewa anu, musakwere nawo makwerero, ndipo musadule pamulu pomwe nsonga ingakhudze chipika chakuseri. Ana ndi agalu akhale kutali, koma pakhale munthu wamkulu woti angamve mukaitana. Kugwetsa mtengo waukulu pafupi ndi nyumba, mpanda kapena mawaya a ESCOM ndi ntchito ina, itanani odziwa.

Khomani kabenchi ka mitengo yopingasa ngati X kogonekapo zipika. Msana supweteka, ndipo tcheni sichifika pansi. Sekondi imodzi m'dothi ndi yokwanira kubunthitsa tcheni. Chipika chikakhala cholemera choti sichinyamulika, chekani magawo atatu mwa anayi m'malo onse, chigubuduzeni, mumalizire mbali inayo. Dothi la chiswe lipaleni ndi chikwanje musanayambe. Mitengo ya m'malire mwa mapuloti imabisa misomali ndi waya wa mpanda, iyang'aneni bwino.

Onani momwe chipika chagonera. Chikatsamira mbali zonse ziwiri pakati pali m'malere, chimatsekeka pamwamba: chekani gawo limodzi mwa atatu kuchokera pamwamba, mumalizire kuchokera pansi. Chikatsamira mbali imodzi inayo ikulendewera, yambani pansi, mumalizire pamwamba. Bar ikapanidwa, zimitsani injini, khomani mphero yamtengo kapena yapulasitiki mumng'alumo, osalimbana nayo mokoka. Lowani mumtengo moto uli wonse, ndipo musakanikize. Tcheni chakuthwa chimadzikoka chokha.

Kunola

Utuchi ndiwo umakuuzani. Tcheni chakuthwa chimalavula tizipalamandu tooneka bwino, chobuntha chimatulutsa fumbi ngati ufa. Musadikire kuti chifike pamenepo. Pitsanimo tupa kawiri kapena katatu pa dzino lililonse mukamathira petulo.

Tupa yozungulira igwirizane ndi tcheni: mamilimita 4.0 pa 3/8 yaing'ono, 4.8 pa .325, ndipo 5.2 kapena 5.5 pa 3/8 yaikulu malinga ndi kampani. Panani bar pa vayisi, ikani chizindikiro pa dzino loyambira. Tupa ipendeke madigiri 30, motsatira kamzere kodindidwa pamwamba pa mano a matcheni ambiri, ndipo inole popita kutsogolo kokha, kuchokera mkati mwa dzino kutulukira kunja. Malizani mano a mbali imodzi, tembenuzani makina, nolani a mbali inayo mofanana. Mano a mbali imodzi akatalika kuposa anzawo, makina amacheka mokhota.

Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kamutu koletsa dzino kuluma kwambiri. Kazikhala kotsika ndi mamilimita 0.65 poyerekeza ndi dzino. Mukanola katatu kapena kanayi, yezani ndi kachitsulo koyezera, mupale ndi tupa yophwatalala. Ena amatipala kwambiri timituti kuti makina azidya msanga. Zotsatira zake ndi kunjenjemera, kukodwa, ndi kudumpha kuja. Tembenuzaninso bar, pansi pakhale pamwamba, nthawi iliyonse mukachotsa tcheni, ndipo kokolani utuchi wa m'ngalande. Sefa ya mpweya itsukeni tsiku lililonse la ntchito, makamaka m'fumbi la Okutobala.

Nkhuni zake

Yezani posonkhera moto panu, mudule zipika zofupikirapo ndi masentimita 5 kapena 10. Nthawi zambiri zimakhala za masentimita 30 mpaka 40. Bulugamu muwazeni akadali wamuwisi, akauma nkhwangwa imangodumpha. Sanjani nkhunizo pa njerwa kapena pa mitengo yopingasa kuti chiswe chisakwere, pamalo opita mphepo, ndipo mvula ikayamba mu Novembala fundikani pamwamba pokha ndi lata, m'mbali musiye poyera. Paini ndi malaina amauma pa miyezi pafupifupi 6, bulugamu wonenepa amafuna chaka. Zouma zimang'ambika kumapeto, zimapepuka, ndipo mukaziombanitsa zimalira kuti ngwe. Zaziwisi zimangofuka utsi n'kumata phula m'chumuni, phula lomwe tsiku lina limayaka lokha. Paini ndi wabwino poyatsira, koma utomoni wake umadetsa chumuni, pomwe bulugamu ndi kesha amasiya makala okhalitsa usiku. Mapolo onyikidwa m'mankhwala, aja obiriwira kapena akuda onunkha phula, ndi matabwa opaka penti musawawotche, utsi wake ndi poizoni. Ndipo moto uliwonse wa m'nyumba, kaya pachumuni kaya pambaula, umafuna mpata wolowera mpweya, ngakhale kuzizire bwanji.

Ntchito ikatha ndipo makina akhala miyezi osalira, khuthulani petulo yense m'thanki, lizani injini mpaka izime yokha kuti m'kabuleta musatsale kanthu. Chotsani bar ndi tcheni, zitsukeni, zipakeni oyilo, muzikulunge m'nsalu. Makinawo asungidwe pouma, pamwamba, m'chipinda chokhoma chomwe ana salowamo.